A Guluu Asoka Mbiri ya Mpingo

Dzina lawo lenileni linali pa chitupa ndi m'kaundula wa ubatizo, koma m'tauni monsemo panalibe wolitchula. Aliyense ankangoti a Guluu. Ngakhale akazi awo, akakhala pa anthu, ankati, "Kafunseni a Guluu," ndipo eni akewo ankavomera bwinobwino. Akanakwiya bwanji poti zala zawo zinkakhala zonata tsiku lililonse, moti ukawapatsa moni wa m'manja unkachita kudzimatula?

Ntchito yawo inali yosoka ndi kumata mabuku. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa sitolo ya mankhwala, pansi pa masitepe okwerera ku maofesi a m'mwamba. Polowa unkayenera kuwerama, chifukwa denga lake linali masitepe omwewo, ndipo anthu akamakwera zinkamveka ngati akukuponda pamutu. Munali tebulo lalitali, mpando wa eni ake, benchi ya alendo, ndi mashelefu awiri, ina ya mabuku odwala, ina ya mabuku ochira, monga mmene iwo ankanenera. Pa tebulopo pankakhala singano zikuluzikulu, ulusi wopaka phula, mpeni wakuthwa, fupa losalala lopindira mapepala, ndi chitini cha guluu. Pakona panali chopanira mabuku chimene anapanga okha ndi matabwa awiri ndi jeke ya galimoto.

Mabuku ambiri obwera pamenepo anali a sukulu ndi makaundula a m'maofesi. Koma mtima wawo unali pa Mabaibulo akale. Ankati Baibulo lililonse limatha mofanana ndi mwini wake: lina limada pakati, lina limathothoka kumapeto, lina limakhala ndi madontho a tiyi, lina a misozi. Ndipo pa tsamba loyamba pamakhala mayina. Uyu anabadwa tsiku lakuti, uyu anakwatiwa, uyu anatisiya. Pamwamba zolemba za agogo, m'munsi mwake za mwana, m'munsi mwakenso za mdzukulu, inki yosiyanasiyana. Pa masamba amenewo a Guluu sankafulumira.

Sanabadwe ali a Guluu ayi. Sukulu anailekeza panjira bambo awo atamwalira, nakalowa ntchito pa fakitale yosindikiza mabuku. Anayamba ndi kusesa zidutswa za mapepala, kenako anaphunzira kupinda, kenako kusoka. Pa kantini ya pafakitalepo pankagwira ntchito mtsikana wina amene ankawathirira tiyi mpaka m'milomo mwa kapu, pamene anzawo ankawalekezera pakati. Anzawo atadandaula za tsankholo, a Guluu anaona kuti nkhaniyo ingotha ndi ukwati. Anakwatirana, nabereka ana atatu, ndipo iwo analowa mpingo wa akazi awo.

Patapita zaka makumi awiri ndi ziwiri, fakitale inatsekedwa. Eni ake anagulitsa makina, ndipo Lachisanu lina antchito onse analandira makalata. A Guluu anayendayenda kufuna ntchito mpaka nsapato zinatha, kenako anangokhala pakhonde. Akazi awo ndiwo ankadyetsa banja, chifukwa anali atapeza ntchito yophika pa sukulu ina. Miyezi isanu ndi itatu inatha chonchi, ndipo kutchalitchi anasiya kupondako.

"Bambo, belu lalira," akazi awo ankatero Lamulungu m'mawa, akumanga mpango.

"Ndalimva. Mukamupatse moni."

"Ndani?"

"Amene mukukamuonayo. Mukamuuze kuti adiresi yanga sinasinthe."

"Ndikamuuza. Koma akuidziwa."

Chaka chomwecho kunagwa mvula ya masiku anayi osalekeza, ndipo mtsinje wodutsa kumunsi kwa tauni unasefukira masana dzuwa likanakhala lili pamutu. Nyumba zambiri zinagwa, anthu anayi anapita ndi madzi. Tchalitchi nacho chinali kumunsi komweko, ndipo madzi analowamo mpaka m'chiuno. Kabati ya mabuku inamira pamodzi ndi makaundula onse a ubatizo ndi maukwati kuyambira pamene mpingo unayamba. Madzi ataphwera, akuluakulu a mpingo anaona mabukuwo atatupa ngati buledi wonyowa, nagwirizana kuti akauma angowotchedwa.

Madzulo ake akazi a a Guluu anafika pakhomo atasenza beseni lalikulu, matope akuchucha m'khosi. Analitula pamapazi pa amuna awo.

"Awa akuti akawotchedwe. Muli ukwati wathu umu, muli ana athu, muli amayi anga. Ine za mapepala sindizidziwa."

Anangonena zomwezo n'kulowa m'nyumba kukasamba. A Guluu analiyang'ana besenilo nthawi yaitali. Kenako anadzuka n'kukatenga mpeni wopakira batala.

Ntchitoyo inawatengera masabata asanu. Ankalekanitsa masamba limodzilimodzi ndi kampeni kaja, n'kuika nyuzipepala pakati, n'kumasintha ikanyowa. Anamanga zingwe m'chipinda chochezera n'kuyanikapo mapepala, moti banja lonse linkadyera pakhonde. Atauma anawasita ndi simbi yofunda pang'ono, n'kuwasoka mwatsopano. Mayina ena inki inali itasungunuka, koma ambiri anapulumuka. Tsiku lokapereka makaundulawo anawanyamula okha, ndipo poti linali Lamulungu, anangokhala pa benchi yakumbuyo mpaka mapemphero anatha. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kubwera kunyumba ndi mabuku awo onyowa, kenako ong'ambika, mpaka mwini sitolo ya mankhwala anawapatsa kachipinda ka pansi pa masitepe kaja.

Anthu ena okonda kufotokoza zinthu ankati Mulungu anatumiza madziwo kuti a Guluu apeze ntchito. Mawu amenewo iwo sankafuna kuwamva.

"Musamunamizire Mulungu," ankatero, nkhope itasintha. "Nanga anthu anayi aja? Ine chimene ndikudziwa n'chakuti madzi atabwera, Iye sanathawire kumtunda. Anali momwemo ndi ife, ndipo sanalole kuti madzi ndiwo atsirize nkhani."

Zaka zinapita, ana anakula n'kupita kwawo, tsitsi la a Guluu linayera. Mlendo wa tsiku ndi tsiku pa benchi paja tsopano anali alamu awo, achimwene a akazi awo, mphunzitsi wa mbiri yakale amene anali atapuma ntchito ku sekondale. Aphunzitsiwo ankafika cha m'ma thili koloko, nyuzipepala ili m'khwapa, ndipo polowa ankagunda mutu pa masitepe pafupifupi tsiku lililonse. Kutchalitchi ankapita chifukwa chokana kukangana ndi akazi awo, ndipo ulaliki ankaumvetsera ngati akuchonga mayeso.

"Alamu," ankayamba choncho, "ine ndaphunzitsa mbiri zaka makumi atatu. Mafumu, nkhondo, njala, mapangano. Mabuku ndatsegula ambirimbiri, koma sindinaonepo tsamba limene Mulungu anasayina."

"Nanga buku lanu la mapu ndinakusokerani chaka chatha lija, ine ndinasayina pati?"

"Simunasayine."

"Koma likugwira?"

"Aaa, inu alamu, imeneyo ndi nzeru ya guluu basi."

Ankaseka onse awiri, n'kutuma mawu kusitolo kuti madzi a tiyi awire. Mkangano umenewu unali utatha zaka, ndipo panalibe amene ankafuna kuti uthe.

Tsiku lina anafika abusa. Anali mayi wachangu, woyenda pa njinga yamoto, amene anali atangotha chaka chimodzi pa mpingopo. Anawerama polowa, chipewa cha njinga chili m'manja, nawapeza awiriwo ali pa tiyi.

"Ndachita mwayi, ndakupezani pamodzi. Mpingo wathu ukukwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi miyezi inayi ikubwerayi. Tikufuna buku la mbiri yake. Aphunzitsi mulemba, a Guluu musoka."

Aphunzitsi anakhosomola. "Abusa, ndikuchenjezeni. Ine ndimalemba zokhazo zimene zili ndi umboni. Za maloto ndi masomphenya musandiyembekezere."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu," abusa anatero, n'kuvala chipewa.

Aphunzitsi anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anabwereka makaundula aja, n'kumawawerenga ndi galasi lokuzira zilembo. Chaka chimene anagula malo, chaka chimene anakhoma malata, mayina a abusa onse motsatana, zonse anazindandalika bwino. Koma mu kaundula wachiwiri anapezamo mpata. Zaka makumi anayi ndi zisanu kumbuyoko panali miyezi isanu ndi iwiri yopanda ubatizo ngakhale umodzi, yopanda ukwati. Chifukwa chake ankachidziwa. Chinali chaka cha chipolowe, pamene misonkhano yonse inaletsedwa ndipo nyumba zambiri zopemphereramo zinatsekedwa. Ndiye analemba mzere umodzi: "Chaka chimenecho tchalitchi chinatsekedwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ntchito zonse za mpingo zinaima."

Mzerewu anauwerenga mokweza kunyumba kwa a Guluu Loweruka masana, mlongo wawo akusita zovala. Mayiwo anaimika simbi.

"Zinaima? Nanga ine ndinkaimba kuti?"

"Kaundula akutero, mlongo."

"Inu achimwene munali ku koleji nthawi imeneyo, mukudya mabuku. Ife tinkapemphera m'galaja ya amakaniko, kuseri kwa depoti ya mabasi. Ndinali mtsikana, zambiri ndaiwala, koma fungo la oyilo ndikulikumbuka. Pitani kwa anamwino akakuuzeni."

Anamwinowo anali gogo wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, amene anagwira ntchito ku chipatala moyo wawo wonse. Masiku amenewo sankatulukanso, miyendo inali itakana. Ankakhala ndi mdzukulu wawo m'nyumba yosanja, chipinda cha m'mwamba. A Guluu ndi alamu awo anakwera masitepe akupumira m'mwamba, nawapeza atakhala pafupi ndi zenera, pakati pa zitini za maluwa, wailesi ikulira chapansipansi.

"A Guluu ndi aphunzitsi, limodzi? Kwagwanji?" anatero gogoyo akuseka. Atamva chimene anadzera, anazimitsa wailesi.

"Amakaniko aja, Mulungu awasunge kumene aliko, ndiwo anatiitana. Anati galaja simsonkhano, aliyense ali ndi ufulu wokonzetsa njinga. Ndiye tinkapita m'mawa, asanu asanu, khumi khumi, aliyense akukankha njinga. Ine ndinalibe njinga, ndinkangonyamula gudumu. Gudumu limodzi lomwelo ndinalikonzetsa miyezi isanu ndi iwiri! Tikalowa, mmodzi ankamenya chitsulo ndi hamala panja kuti nyimbo isamveke, ife mkati tikuimba monong'ona. Abusa ankavala ovolosi."

"Nanga ubatizo?" anafunsa aphunzitsi, cholembera chili m'manja.

"Munali beseni lija amaviikamo machubu pofuna kuona pobooka. Tinkalitsuka bwinobwino, n'kuthiramo madzi oyera."

"Pepani mayi, koma m'kaundula mulibe dzina ngakhale limodzi."

"Kaundula anatsekeredwa m'tchalitchi, bambo. Mukanalemba bwanji?" Anaitana mdzukulu wawo. "Iwe, tanditengera chikwama chakuda chili pansi pa bedi."

M'chikwamamo anatulutsamo kakope kakang'ono kachikuto chofiira, kotha m'makona. Anakapereka kwa a Guluu, chifukwa iwo ndiwo ankadziwa kugwira pepala lokalamba. A Guluu anapukuta zala pa thalauza, natsegula pang'onopang'ono. Munali mayina khumi ndi asanu ndi anayi, lililonse ndi tsiku lake, dzina la mayi, dzina la bambo, ndi siginecha ya abusa, zonse zolembedwa mwaukhondo wa kuchipatala. Kumapeto kunali maukwati awiri.

"Ife anamwino chinthu chosalembedwa timati sichinachitike," gogoyo anatero. "Ndinkati ndidzakapereka zinthu zikadzakhala bwino. Kenako abusa aja anasamutsidwa, ine ntchito inandichuluka, mpaka ndinaiwala. Mwachita bwino kubwera ndisanapite."

Aphunzitsi anali atavula magalasi n'kuvalanso kawiri. Zaka zonse zimene anaphunzitsa mbiri, anali asanagwirepo pepala limene wolemba mbiri wina aliyense sanalionepo.

"Mayi, simunkaopa?"

"Tinkaopa kwambiri. Koma ndikuuzeni, aphunzitsi, ine ndapemphera m'tchalitchi cha malata, ndapempheramonso ataikamo matailosi, koma sindinamumvepo Mulungu pafupi ngati m'galaja muja. Anali momwemo, pakati pa matayala. Ndipo ngati mukufuna nkhani yonse, kafunseni a Makiyi kuti chitseko cha tchalitchi anatseka ndani."

A Makiyi aliyense ankawadziwa. Anali bambo wamtali, wosalankhulalankhula, amene kwa zaka makumi atatu ankatsegula tchalitchi m'mawa, kukolopa, kuliza belu, n'kutseka madzulo. Makiyi ankalira m'chiuno mwawo kulikonse kumene ankapita. Awiriwo anawapeza Lachiwiri m'mawa akuthira oyilo m'mahinjesi a chitseko chachikulu. Atamva funsolo, a Makiyi anaika pansi kabotolo ka oyilo, nakhala pa sitepe.

"Anamwino akutumani? Chabwino. Ndinatseka ndine."

A Guluu anakhala nawo pansi. Zaka zonsezi ankapatsana moni ndi munthuyu Lamulungu lililonse, osadziwa kanthu.

"Ndinali msilikali, mnyamata wa zaka makumi awiri. Akuluakulu anga anandipatsa tcheni ndi loko, n'kundiuza kuti aliyense atuluke. Ndinafika ndikukuwa, chifukwa ndinali ndi mantha kuposa iwowo. Anthu anatuluka. Womaliza anali mayi wovala yunifolomu yoyera, atanyamula matambula a mgonero m'nsalu. Atafika pakhomo pano anaima, n'kuyang'ana dzanja langa ili. Ndinali nditadzicheka ndi waya masiku atatu m'mbuyomo, ndinangomangapo kansanza, ndipo linali litatupa mpaka m'chigongono. Anati, 'Mwanangu, dzanja ili ulitaya. Khala pansi.' Ine ndi mfuti yanga ndinakhala pansi, pa sitepe yomwe ino. Anatsegula chikwama chawo, natsuka balalo, nafinya mafinya, namanga bandeji yoyera. Atamaliza anati, 'Tsopano tseka, watumidwa.' Ndinatseka ndi dzanja lomwelo."

Anatambasula dzanjalo. Chipsera chinali chikuonekabe, choyera, kuyambira pachala chachikulu mpaka pamfundo.

"Kenako akuluakulu anga anandiika pa depoti ya mabasi kuti ndizilondera. Galaja ija inali moyang'anana ndi pamene ndinkaima. M'mawa uliwonse ndinkawaona mayi aja akudutsa ndi gudumu. Ndine mwana wa mlimi ine, koma sindine chitsiru, ndinkadziwa kuti gudumu silidwala tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anga ankandifunsa ngati ndaonapo chachilendo. Ndinkati ayi bwana, kuno n'kokonza njinga basi."

"Ndiye munabwera liti mu mpingo?" anafunsa aphunzitsi.

"Patapita zaka khumi ndi zisanu. Usilikali ndinali nditasiya, ndayendayenda, ndamwa mowa wokwanira. Koma dzanja ili likandiyabwa ndinkakumbuka. Tsiku lina ndinangobwera, n'kuwauza akuluakulu a mpingo zonse. Anandifunsa kuti ndikufuna chiyani. Ndinati ntchito imodzi yokha, yotsegula chitseko ichi. Ambiri amene ankadziwa nkhaniyi anamwalira, ndipo otsalawo sanaiulule."

"Kodi ndingailembe?"

A Makiyi anaganiza kaye. "Lembani. Ndakalamba, manyazi anatha. Koma mulembe kuti sindinadzibweretse ndekha. Ine ndinabwera kudzatseka. Amene anandigwira dzanja tsiku lija anali ndi mapulani ake."

Pobwerera awiriwo anayenda wapansi, kudutsa pa mlatho, n'kukwera mtunda wopita kumsika. Kenako aphunzitsi anaima kuti apume.

"Nkhani yokoma, alamu, sindikukana. Koma taonani bwino. Namwino, makaniko, msilikali. Onsewa ndi anthu. Chilichonse chili ndi wochichita wake."

"Inde, ndi anthu. Inu mumafuna agwiritse ntchito manja a yani? Ife sitikhulupirira Mulungu wokhala kutali n'kumaonerera ngati ali pa bwalo la mpira. Timakhulupirira amene anabadwa m'chaka chimene boma linkawerenga anthu, anakulira m'nyumba ya mmisiri, anaweruzidwa ndi bwanamkubwa amene inu aphunzitsi dzina lake mumalidziwa, ndi zaka zimene analamulira. Analowa m'mbiri yanu yomweyo, alamu, ya masiku ndi zaka. Ndiye akamagwira ntchito lero, ine sindidabwa kumupeza m'galaja."

"Nanga amene anafa m'chipolowe chija? Anzanga awiri a ku koleji sanabwerere kwawo. Iwowo namwino wawo anali kuti?"

A Guluu anayang'ana pansi. Aka kanali koyamba kuti alamu awo atchule za anzawowo.

"Pamenepo ndilibe yankho, ndisakunamizeni. Ndimangodziwa kuti nayenso anafera m'manja mwa anthu, amayi ake akuona. Za misozi si mlendo. Ndipo ndimakhulupirira kuti mayina a anzanuwo ali penapake pamene sanafufutike."

Aphunzitsi anatulutsa kansalu n'kupukuta nkhope, ngakhale kunja sikunkatentha kwenikweni. Atafika pamsika anagula malalanje anayi, napereka awiri kwa alamu awo.

Sabata yotsatira sanaoneke pa benchi. Anabwera Lolemba linalo ndi mapepala mtolo, nagunda mutu pa masitepe monga mwa masiku onse. Mzere umodzi uja unali utasanduka mutu wathunthu wa masamba khumi ndi awiri. A Guluu anauwerenga ataimirira. Munali galaja, gudumu, beseni la machubu, mayina onse a m'kakope, ndi nkhani ya a Makiyi m'mawu awo omwe. Kumapeto kwa mutuwo aphunzitsi anawonjezera mayina a anthu a m'tauniyo amene anafa chaka chimenecho, a mpingo ndi osakhala a mpingo, onse amene anatha kuwapeza.

"Musandiyang'ane choncho, alamu. Sindinalembe kuti Mulungu anali m'galaja. Ndalemba kuti anamwino akuti Mulungu anali m'galaja. Zoti anatero, umboni ndili nawo."

"Ine ndanena kanthu?"

"Nkhope yanuyo ikunena."

A Guluu anasoka bukulo masiku asanu ndi limodzi. Anasankha ulusi wolimba kuposa wonse, chikuto anakuta ndi nsalu yobiriwira, ndipo mkati mwa chikuto chakumbuyo anamatamo kathumba koikamo kakope ka anamwino, atakakonza m'makona. Kumapeto anasokeramo masamba makumi awiri osalembedwa. Alamu awo atafunsa ngati mapepala anangowachulukira, iwo anati mpingo sunatsekedwe, anthu akubadwabe.

Tsiku la chikondwerero tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Anamwino anabwera nawo pa galimoto ya mwini sitolo ya mankhwala, ndipo amuna awiri anawanyamula pa mpando mpaka kutsogolo. A Guluu anavala suti ya ukwati wa mwana wawo wamkazi ndi nsapato zatsopano zimene mwana wawo wamwamuna anawatumizira. Pakati pa mapemphero abusa anatsegula bukulo, nafotokoza mwachidule za miyezi isanu ndi iwiri ija, kenako anati awerenga mayina a ana obatizidwa m'galaja, ndipo amene alipo aimirire.

Anaimirira asanu ndi awiri. Mmodzi anali dalaivala wa basi, wina mayi wogulitsa nsalu pamsika, wina mlembi wa mpingo yemweyo, amene moyo wake wonse ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani dzina lake mulibe m'kaundula amene iye mwini ankasunga. Atamva kuti anabatizidwira m'beseni la machubu, anagwira pakamwa, ndipo tchalitchi chonse chinaseka mpaka ena misozi. Anamwino ankawaloza mmodzimmodzi ndi chala, akugwedeza mutu, ngati akuwerenga odwala amene achira.

Kenako abusa anawerenga nkhani ya tcheni. Anthu anatembenukira kumbuyo. A Makiyi anali ataima pamalo pawo pa masiku onse, pambali pa chitseko, manja ali kumbuyo. Mayi wina wachikulire anayambitsa nyimbo chapansipansi, ena anailandira, ndipo anthu a m'mabenchi akumbuyo anadzuka n'kumakawagwira chanza mmodzimmodzi. Aphunzitsi, amene anakhala pafupi ndi a Guluu, sankaimba, koma phazi lawo linkagunda pansi motsatira nyimboyo.

Atatuluka, abusa anawagwira onse awiri pamapewa. "Zaka khumi zikubwerazi mudzalembanso gawo lachiwiri."

"Ine ndidzakhala nditapuma kachiwiri," anatero aphunzitsi. "Koma pali nkhani ya kwaya imene sindinaifufuze bwino. Alamu, Lachinayi tipite kwa amayi aja ankaimba kutsogolo kale aja. Akuti ali ndi zithunzi."

"Lachinayi ndili ndi madikishonale a sukulu."

"Adikira amenewo, sathawa."

A Guluu ndi akazi awo anabwerera kunyumba wapansi, dzuwa litapendeka. Atangowoloka mlatho, bamboyo anakhala pa mwala wa m'mbali mwa msewu n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

"Bambo, mukutani? Anthu akuona!"

"Aone. Zandiluma kuyambira pa nyimbo yoyamba. Mwana ameneyu akuganiza kuti mapazi anga anasiya kukula."

"Ndiye muyenda ndi masokosi, mutavala suti?"

"Ndivulanso masokosiwo."

Mayiwo anayang'ana uku ndi uku, kenako anaphulika kuseka, natenga nsapatozo n'kuziika m'chikwama chawo pamodzi ndi buku la nyimbo. Anakwera mtundawo pang'onopang'ono, iwo patsogolo, amuna awo pambuyo akusankha popondapo, akukambirana za mlembi wa mpingo ndi beseni lake, ndiponso ngati kunyumba kunatsala shuga wa tiyi.